Mmene Mpheta Zinadyera Mpunga wa Mayi Athu

Mpunga wa mayi athu chaka chimenecho unakwana m'lichero limodzi, ndipo mlandu wake sindiusenza ndekha.

Ndinabadwa mapasa ndi Esinati. Tinafanana nkhope, tinafanananso maganizo: ku sekondale ankatikhazika motalikirana, koma samu tinkalakwa pamalo amodzimodzi. M'zaka zija za chipani chimodzi, sikimu ya ulimi wothirira ya Likangala ikadali yatsopano, mayi anadwala miyendo mpunga utayamba kucha. Atsibweni analamula kuti m'mawa uliwonse mmodzi wa ife azikaingitsa mpheta. Sanatchule dzina (Mulungu awakhululukire), chikhalirecho ine ndinkakhala kunyumba za aphunzitsi, Esinati kutsidya kwa mtsinje.

Amuna anga, amene anali mphunzitsi, anandiunikira. "Mayi a Feliya, maganizo anu alibe miyendo yoti akadzutse mlamu wanga. Akapita, inu mwapuma. Akapanda kupita, sindinu mwamumanga. Tsono mupsereranji ndi dzuwa?"

Zinamveka bwino, ndipo ndinakhala. Esinatinso anakhala, atadzipezera nzeru yomweyo popanda mphunzitsi. Mpheta zinadya ngati zaitanidwa ku ukwati.

Manyazi atandigwira, ndinaganiza mwa njira ina: chimene ndasankha ine, iyenso wasankha chomwecho, choncho ndisankhe ngati wosankhira awiri. Ndinapita, ndinamupeza akufika, tinaimba zitini mpaka madzulo. Zikanathera pomwepo, bwenzi mayi atadya mpunga wawo. Koma ine (wophunzira uja) ndinawonjezera nzeru. Ndinati ndinyamuka ndi mtima wonse wopita, kuti nayenso anyamuke, kenaka ndibwerera panjira. Ndinachita zimenezi masiku angapo, ndikudzitama. Tsiku lina, nditatembenuka pafupi ndi ngalande yaikulu, ndinacheuka. Patali ndinaona msana wa munthu wa chitenje chonga changa, akubwerera kwawo mwachangu.

Atsibweni anatiitana, lichero lili pakati.

"Inu ana a mlongo wanga, kodi munda umalondedwa ndi misana?"

"Atsibweni, ndimayesa achemwali apitirira," tinayankha pamodzi, osasiyana ngakhale liwu limodzi.

Mayi sanakalipe. Anangofunsa kuti adzadya kwa yani mpaka masika ena. Tonse awiri tinayang'anana, aliyense kudikira mnzake, mpaka atsibweni anatigawira miyezi, nthawi ino potchula mayina.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndikudziwa kuti ndiyenera kupepesa Esinati. Ndikudziwanso kuti nditanyamuka lero, tikhoza kukumana panjira. Komabe ndikudikira kuti ayambe ndi iye.