Chikwa cha Mfumu Nyani

Kale, mitengo isanaidziwe nkhwangwa, nkhalango ya Mphirakuda inkalamulidwa ndi Nyani wina dzina lake Chipsyera. Mphatso yake inali pakamwa. Ankatha kuyankhula kuyambira mame asanaume mpaka mthunzi utatembenuka, nyama n'kubwerera kwawo ndi njala koma zikuwomba m'manja.

Tsiku lina anakwera pamwala wa misonkhano atanyamula tsamba, patsambapo pali kambozi kobiriwira.

"Abale anga okondedwa," anatero, "mumandifunsa kuti chitukuko chili kuti. Nachi. Dziko limakula ngati gulugufe. Limayamba dzira, kenako mbozi, kenako chikwa, pomaliza mapiko. Palibe kudumpha gawo. Mwakhala mukudandaula kuti sitikuyenda. Ndani mwa inu anaonapo dzira likuyenda?"

Nyama zinayang'anana. Zoonadi, palibe anaonapo.

"Lero ndabwera ndi uthenga wabwino. Dzira laswa, tsopano ndife mbozi. Ntchito ya mbozi ndi kudya, koma sidya ndi thupi lonse, imadyera pakamwa. Pakamwa pa dziko lino ndi ine. Inu ndinu miyendo, ndipo muzinyadira, chifukwa mbozi imafuna miyendo yambiri."

Nduna yake, Fisi Mtafuna, anawonjezera lamulo. Mbozi sikwatira, chikwa sichikwatira, amakwatira ndi gulugufe yekha. Choncho maukwati onse aime kufikira dziko litamera mapiko.

M'khamumo munali mbawala yachitsikana dzina lake Ndaziona. Lamulolo litamveka, iye anayang'ana pansi, ndipo cha kumbuyo mnyamata wina wa nyanga zongophuka, dzina lake Dzoole, anayang'ananso pansi. Awiriwa ankakumana mobisa masana, patsinde pa msuku wina umene unali ndi mphako. Amene wafika poyamba ankasiya duwa m'mphakomo, mnzake akalipeza ankadziwa kuti dzulo sanaiwalidwe. Ankaganiza kuti palibe akudziwa, koma njuchi zonse zinkadziwa.

Nyama zinasenza zipatso, uchi ndi mizu nyengo ziwiri zathunthu. Chipsyera atanenepa mpaka khosi kusowa, anaitanitsanso msonkhano.

"Tafika pa gawo lopatulika," anatero motsitsa mawu. "Ndikulowa m'chikwa m'malo mwa nonsenu. M'menemo ndi mwa chete, mwa kusala ndi kusinkhasinkha. Zimene muzibweretsa pakhomo si zanga ayi, n'zodyetsa mapiko. Ndipo mverani bwino: aliyense woboola chikwa nthawi isanakwane wapha mapiko a dziko. Ngakhale mutamva ine ndikulira kuti tsegulani, musatsegule. Kumeneko ndiko kuwawa kwa kusinthika."

Chikwacho chinali chulu chachikulu chimene analanda kwa Chiswe n'kuchikumba m'kati, chokhala ndi khomo limodzi. Koma Chiswe sichiona bowo pachulu chake n'kulisiya. Chimangoyamba kumata, osafunsa kuti walamula ndani. Motero Fisi anapatsidwa udindo wa Nduna Yoona za Khomo: kukhala pamenepo ndi kanthambi, kumasesa Chiswe, ndi kulandira madengu.

Mitambo itayamba kusonkhana, Ndaziona anafika pamsuku maso ali ofiira.

"A Dzoole, amalume atopa kudikira," anatero. "Akuti mtsinje usanadzaze andiwolotsera tsidya. Kumeneko ukwati ngololedwa, ndipo kuli nkhalamba ina yandifunsira kale."

"Tithawe," anatero Dzoole.

"Tithawire kuti? Inu mumatsetsereka ngakhale pamatope a pachitsime."

Dzoole anangothyola duwa lina n'kumupatsa. Iye ankadziwa kusankha maluwa, osati mayankho.

M'mawa mwake inali nthawi ya Ndaziona yosenza masuku. Atatula dengu anazungulira kuseri kwa chulu kuti akalire bwino, n'kutsamira khoma. M'dothimo munkamveka kanthu. Anagunditsa khutu. Kanali kang'oma kogogodedwa mosamala, kenako nthungululu yotsekedwa ndi dzanja, kenako mawu a Chipsyera akuti, "Mkazi wanga, lawa chiwindi ichi."

Misozi inauma yokha. Ndaziona anabwerera kukhomo akuyenda monyang'wa.

"Bwana Nduna, mwadzuka bwanji? Koma mwaonda."

"Ndi kudzipereka, mwanawe," anayankha Fisi akusesa. "Mfumu ikusala m'katimu, ine ndidye bwanji?"

"Inde, n'zoona. Ine ndimangodabwa kuti kusala kwa masiku ano kumanunkhira chiwindi."

Kanthambi kanaima. "Chiwindi cha chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana, ine ndine mwendo chabe. Mwina n'cha paukwati umene ukumveka kuseriku. Ndimayesa akulu ngati inu anakuitanani."

Fisi ananunkhiza, malovu n'kuyamba kudontha. "Nkhani imeneyi ikufunika kafukufuku wa boma," anatero. "Gwira kanthambi aka, uzisesa."

Analowa. M'katimo munamveka kukalipirana pang'ono, kenako kutafuna kwa anthu amene agwirizana. Ndaziona anayang'ana kanthambi kaja, anayang'ana mzere wa Chiswe umene unali utayamba kale kukwera ndi timatope kukamwa. Anaika kanthambiko pansi mwaulemu n'kukhala pamthunzi.

Dzuwa lisanapendeke, khomo linali litasanduka khoma.

Nyama zinabwera ndi madengu n'kusowa potulira. M'katimo munamveka kugogoda ndi mawu a Chipsyera.

"Ndani watseka? Tsegulani msanga, muno mwatentha."

Njiri anayamba kunola mano kuti akumbe, koma Ndaziona anaima kutsogolo kwake.

"A Njiri, mukufuna kupha mapiko a dziko? Mfumu inanena yokha kuti ngakhale ilire tisatsegule. Uku ndi kuwawa kwa kusinthika."

"Zoonadi anatero," nyama zinavomera, ndipo zina zinayamba kudya za m'madengu mwawo, poti panalibe wozilandira.

"Ndine Chipsyera, ndikulamula!"

"Pirirani, Mfumu," anatero Dzoole, amene kwa nthawi yoyamba anapeza yankho. "Tili nanu limodzi. Palibe kudumpha gawo."

Panapita kanthawi. Fisi anamveka akudandaula kuti chiwindi chatha, ndipo kayang'anidwe kake pa mimba ya Mfumu kayenera kuti kanasintha, chifukwa mawu a Chipsyera anatuluka mothamanga.

"Abale anga okondedwa, uthenga wabwino. Kusinthika kwatha. Dziko lamera mapiko, tsopano ndife gulugufe."

"Tonse, Mfumu?" anafunsa Ndaziona. "Ndiye kuti maukwati atsegulidwa?"

"Atsegulidwa, atsegulidwa. Kumbani."

Njiri anakumba. Anayamba kutuluka ndi Fisi, fupa lili kukamwa. Kenako kanyani kachitsikana kovala nkhata ya maluwa ofota, kenako woyimba ng'oma, pomaliza Chipsyera, amene anachita kukokedwa chifukwa mimba inakana pabowo. Nyama zinamuzungulira mwakachetechete, zikuyang'ana kumsana kwake. Kunali ubweya ndi dothi.

"Mapiko a utsogoleri saoneka ndi maso wamba," anatero akudzisasa.

"N'chifukwa chake tikufuna tiwaonere m'mwamba," anayankha Ndaziona.

Njovu anamunyamula ndi chitamba mwaulemu wonse n'kumukhazika pansonga pa chulu. Nyama zinayamba kuwomba m'manja monga anaziphunzitsira, zikudikira kuti auluke.

Ukwati wa Ndaziona ndi Dzoole unachitika madzulo omwewo patsinde pa chulucho, ndi masuku amene anasenzera Mfumu. Woyimba ng'oma uja sanavute kumupempha. Amalume anavina mpaka kuiwala za tsidya, ndipo Dzoole anabweretsa duwa, ulendo uno poyera.

Pamwamba paja Chipsyera anayamba kufotokoza kuti akatswiri apeza gawo lina lachisanu, loti mapiko ayambe auma. Koma ng'oma inali itakolera, ndipo amene ankamumvetsera ndi Chiswe chokha, chimene chinali chitayamba kale kumata zala za kumapazi kwake.