Mtengo wa Pamsewu wa Makantina

Lolemba

Dziko lonse limve, kuyambira ku Kalomwe mpaka kolowera dzuwa: kuyambira lero ine ndine boma!

A Shefi atsopano, mzungu wolamulira dera lino, andipatsa zinthu zinayi ndi manja awo:
apito, mluzu wachitsulo umene ndikaliza mbuzi za ku Domwe zimasiya kudya;
kansalu kofiira komanga pamkono;
kaderno uno ndi lapizi wake, wolembamo magalimoto amene ndabweza;
mtengo.

Mtengowo ndiye mwini nkhani. Wabulugamu, aupingasa polowera msewu wa makantina. Mbali ina amangako chimwala, mbali ina chingwe. Ukagwira chingwe mtengo ugona, ukachisiya ukwera wokha ngati mchira wa njiri. Mbedza yokolekapo chingwe akuti ichokera ku Tete. Pakadali pano mbedzayo ndine.

Lamulo: galimoto ya mwini isalowe. Poloyibido! A Shefi akuti kwawo ku Lizibowa anaona msewu umene anthu amagulamo zinthu akuyenda pansi, wopanda fumbi, wopanda utsi. Ndiye vila yathu ino ya makantina asanu ndi awiri isanduke Lizibowa. Lizibowa wa nkhumba zoyenda zokha! Chabwino, ine sindikana.

Adani anga ndawawerenga ndi dzanja limodzi:
galimoto ya a Padiri;
ya a Dona, akazi a Shefi;
ya Sinyoro Chimimba wa kantina yaikulu;
ya mzungu wa munda wa kachewere, amene timamutcha Sayankhamoni;
ndi chiphakasa cha a Zakariya chimene anabwera nacho kuchokera ku Joni, chotsokomola ngati nkhalamba ya fodya wa chingambwe.

Iwo asanu, ine mmodzi. Ndikuwamvera chisoni.

Loweruka kubwera mlendo wamkulu wa ku Tete kudzaona msewu. Akaupeza wopanda galimoto, ntchito ndi yanga mpaka kalekale: chijasi cha boma chotchedwa kapote, nsapato, ndi kachipinda kuseri kwa sekeretariya, ofesi ya a Shefi. Kachipindako ndiye mtima wanga wonse. Amalume ake a Nangozo ananena ndi pakamwa pawo: ukapeza ntchito ndi denga pa vila, mtenge mkazi wako chitengwa.

Zaka zitatu ndili pa chikamwini ku Lifidzi! Zaka zitatu kupalira kachewere wa apongozi, munda woti ukayamba mzere uli mnyamata umafika kumapeto uli ndi imvi. Eni mundawo nkhope yawo sindiidziwa bwino n'komwe. Ndimawadziwa mawu ndi zidendene. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi aakazi, akawaona patali amapatuka. Ine ndapatukira m'minga, m'chithaphwi, tsiku lina m'chitedze, ndinadzikanda mpaka mwezi kuoneka.

Masiku asanu okha. Khasu, tsala bwino.

Lachiwiri

Chisanu chikundiluma makutu. Kapote, fulumira.

Oyamba a Padiri. Apito, pyoo! Aima, atulutsa mutu: "Mwana wanga, galimoto iyi si yanga, ndi ya Mulungu." Ndani angalembe Mulungu m'kaderno? Ine ndinalekeza segunda kalasi pa shikola yawo yomweyo, khutu langa lamanzere likuwakumbukabe. Chingwe ndasiya. Atsala anayi.

Achiwiri a Dona. Saima, angoliza buzina ali kutali. Mlembi wa ku sekeretariya, amene akudutsa ndi mapepala m'khwapa, andikalipira: "Iwe, tsegula! Akazi a boma ndi boma." Atsala atatu. Fumbi lawo latera pa nyemba za amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Fumbi la boma silidetsa, mwina limakometsa ndiwo.

Masana, chiphakasa cha a Zakariya! Ndachimva chisanaoneke, mbalame zonse zinayamba zathawa. Ndakoka chingwe, ndatulutsa chifuwa, apito katatu.

"Mphwanga, mtengo umenewu ndi wa ine ndekha?"

Ndi wa onse, achimwene, koma wayambira pa inu.

Achisiya pansi pa mkuyu, alowa wapansi, jekete la ku Joni lili paphewa. Ndawalemba ndi zilembo zazikulu ngati maungu. Mmodzi! Wina anapha mkango ndi mkondo, ine ndaimitsa chitsulo ndi mpweya wa m'kamwa.

Lachitatu

Sinyoro Chimimba wapeza bowo. Lamulo akuti silikhudza galimoto yonyamula katundu wa m'makantina. Ndiye wafika, waloza kumpando wakumbuyo: "Kariga!" Ndasuzumira. Kachitini kamodzi ka sardinya, kakhala pakati pa mpando ngati mkwatibwi. Kamodzi! Walowa nako kasanu ndi kawiri lero. Nsomba imeneyi yayenda kuposa ine.

Sayankhamoni wabwera ndi pepala. Waliika pamphuno panga. Chiputukezi chake n'chopiringizika ngati matumbo a nkhuku, koma pansi pali chidindo. Mwina ndi pepala la katemera wa galu wake, ndani adziwa. Chidindo ndi chidindo.

Watsala mmodzi.

Malole atatu a asilikali. Apito wanga sanaumve, kapena anaumva n'kuwonjeza liwiro. Ndasiya chingwe, ndadumphira m'ngalande ndi ulemu wonse wa boma. Amayi a nyemba akuti ndinauluka bwino.

A Zakariya abweranso, ndawabwezanso. Lamulo la ku Lizibowa, lodutsa nyanja zisanu, lobwera pa sitima ya pamadzi, kudzagwira munthu mmodzi wa chiphakasa!

Lachinayi

Mkono wamanja watalika. Ndayeza, ukuposa mnzake ndi chikhatho.

Ndati ndikhome kachikhomo pansi ndimangepo chingwe. Mlembi wakana. Akuti chingwe cha boma chimangidwa pa mbedza ya boma, ndipo mbedza ya boma ikudikira chidindo ku Tete. Mbedza! Chinthu choti wosula makasu wa kwathu akhoza kupinda akuyetsemula.

Ndiye ndachimanga m'chiuno kuti ndidye chimanga chootcha ndi manja awiri. Chimwala chija n'cholemera kuposa ine. Chinandinyamula, miyendo m'malere, ndinaona phiri la Dedza ndi mayi wina akuanika ufa kumeneko. Anditsitsa ndi a Zakariya omwe. Osaseka n'komwe, angondipukuta fumbi pamsana. Ogulitsa onse tsopano akunditcha Sinyoro Chingwe. Nsanje. Akufuna kansalu kofiira.

Popeza galimoto yoti ndibweze yasowa, ndabweza:
njinga ziwiri;
ngolo ya nkhuni;
wilibala ya wophika mowa;
nkhumba imodzi, imene inadutsa pansi.

Mkulu wa ngolo wandifunsa ngati ng'ombe zake zili ndi motolo. Ndati lamulo silifunsa motolo, limafunsa matayala. Wati ndiye ndibwezenso dzuwa, nalonso n'lozungulira. Anthu a kumudzi sadziwa chitukuko.

Makantina akudandaula kuti ogula achepa. Achepa bwanji? Amene ankabwera pa galimoto akubwerabe pa galimoto, amene ankabwera wapansi akubwerabe wapansi. Wachepa ndi mmodzi, a Zakariya, ndipo iwowo amangogula machesi.

Masiku awiri. Nangozo, yamba kumanga mitolo.

Lachisanu

Vila yonse yapenga. Akaidi akusesa msewu, fumbi likuchoka kumanja kupita kumanzere. Miyala aipaka njereza. Mtengo wanga aupaka njereza. Ndikadapanda kusuntha bwenzi nane atandipaka.

A Shefi abwera okha, masharubu ali njo. Akuti a Padiri, a Dona, Chimimba ndi Sayankhamoni onse awapempha mwaulemu kuti mawa mpaka masana magalimoto agone kunyumba. Kuwapempha! Ndiye lamulo lidzagwira ntchito theka la tsiku, pamaso pa mlendo, ngati malaya a ukwati. Kenaka aloza mphuno yanga: "Mawa tayala limodzi likalowa, iwe fora!" Fora, ndiye kuti tuluka, ndikuidziwa, ndiyo mawu oyamba amene a Padiri anandiphunzitsa.

Andionetsa kachipinda. Kali ndi zenera! Chitseko chake chokhoma ndi kiyi! M'menemo munthu akhoza kutuluka m'mawa osayamba wasuzumira kuti apongozi ali mbali iti.

Madzulo a Zakariya abwera wapansi, andigulira zitumbuwa ziwiri. Mawu ofewa ngati nthochi yakupsa. "A Nangozo ali bwanji, mphwanga? Nanga amayi awo, mawondo aja akuwavutabe? Paja msika wa Loweruka sauphonya. Mtunda umene uja, munthu wamkulu kuyenda pansi, n'chisoni."

Ndati n'chisoni ndithu, ndikutafuna.

Munthu wagonja ameneyu. Wadziwa kuti boma silimenyedwa, limadyetsedwa zitumbuwa. Mawa ndikalandira kapote ndidzamulola aigwireko.

Loweruka

M'mawa. Msewu uli mbee! Ana a shikola afola ndi timbendera. Ine nkhope yodzola mafuta a nsatsi, kansalu kochapa, apito wowala ngati nyenyezi. Atsikana akundiba ndi maso. Pepani, ndine wa Nangozo.

Dzuwa lakwerako. Mlendo wafika, mzungu wamfupi wa chipewa chachitali. Jipe yake yaima kunja kwa mtengo, watsika, akuyenda pansi ndi a Shefi, akugwedeza mutu. Kapote ndikuimva kale kutentha pamsana.

Masana. Ndikulemba nditanjuta kuseri kwa kantina ya Chimimba, pakati pa migolo ya palafini.

Zayenda chonchi. Mbalame zathawa. Chifuwa chija chamveka, kho kho kho. Chiphakasa! Ndaseka ndekha: bwera, ndikubweze pamaso pa Tete yense. Ndakulunga chingwe m'manja, apito pakamwa, ndasendera ku zenera lake.

Kumpando wakutsogolo kuli duku lobiriwira. Dengu pamiyendo. Ndipo mawu, mawu amene ndingawadziwe ngakhale ndili m'manda: "A Zakariya, taimiranji apa?"

Apongozi!

Ine sindinaganize kanthu. Mutu ndi wa boma, koma miyendo ndi ya kwathu. Maso pansi, chipewa m'manja, liwiro la gwape. Chingwe chatsala chokha. Ndikukhota pa ngodya ya kantina ndacheuka pang'ono: mtengo wanga, woyera ndi njereza, ukukwera pang'onopang'ono ngati ukuchitira sawasha.

Chiphakasa chalowa. Chayenda mwaufumu pakati pa timbendera, ana akuwomba m'manja poyesa ndi mbali ya mwambo. Chafika pamene paima a Shefi ndi mlendo, chatsokomola kawiri, phuu! Chafa. Utsi wakuda waphimba chipewa chachitali chonse.

"Guwarida! Guwarida!" A Shefi akukuwa, akuti ndibwere ndichikankhe. Ndichikankhe bwanji apongozi ali momwemo? Nawonso apongozi, ataona kuti mkamwini ali pafupi, afunda chitenje kumutu, akana kutsika. Iwo sangatuluke chifukwa cha ine, ine sindingatuluke chifukwa cha iwo. Ulemu mbali zonse ziwiri, boma lili pakati likutsokomola.

Msika wonse ukudziwa chimene chachitika. Amayi a nyemba agona pansi ndi phwete. Osadziwa ndi anthu awiri okha, ndipo ndiwo olamulira dziko.

Achikankha ndi akaidi, apongozi ali momwemo ngati mfumukazi.

Madzulo. Mlembi wandipeza pa migolo. Ndayesa kufotokoza kuti akawauze a Shefi: ndi apongozi, sinyoro, amayi a mkazi wanga. Wabwerako ndi yankho. Akuti a Shefi nawo ali ndi apongozi ku Lizibowa, ndipo amawapsompsona masaya onse awiri. Kupsompsona apongozi! Ndiye anthu otere n'kumatiphunzitsa ife kayendedwe ka pamsewu?

Alanda apito. Alanda kansalu. Kaderno akuti ndisunge, muli zopusa. Mbalamatodya, thabwa la boma lomenyera m'zikhatho, ndapulumuka chifukwa mlendo, utsi utachoka, anaseka mpaka kukhala pa mwala wa njereza. Lamulo nalo latha lero lomwe. Akuti vila sinakhwime.

A Zakariya ndakumana nawo pa mkuyu, akupukuta galasi ndi jekete. "Ndinangowathandiza mawondo, mphwanga." Zitumbuwa ziwiri! Anandigula motchipa kuposa nkhuku yodwala chitopa.

Lamulungu

Lifidzi. Mphepo. Tambala yemwe uja wondidzutsira kumunda.

Nangozo wamasula mitolo. Kenaka waseka mpaka kugwira chipupa. Kenaka waleka kuseka, wafunsa ngati zenera lija linali lagalasi. Ndati linali laling'ono, losaonetsa kanthu. Bodza langa loyamba lochepetsa chinthu.

Ku tchalitchi a Padiri afika pa galimoto ya Mulungu. Mkulu wa ngolo uja wandipatsa moni kuti Sinyoro Chingwe, mwadzuka bwanji.

Uthenga wa apongozi wabwera kudzera mwa Nangozo, monga mwa nthawi zonse. Akuti mudzi wonse aufotokozera. Akuti akamwini a masiku ano amangoti tong'o maso ngati kadzidzi, koma wawo anasiya boma, anasiya mzungu wa chipewa, anasiya kapote, chifukwa cha ulemu. Atuma nkhuku yathunthu. Ndipo awauza amalume kuti mkamwini wotere sapezeka kawiri, za chitengwa ziiwalike, asadzachoke pamudzi pano mpaka imfa.

Mpaka imfa!

Mtengo uja mlembi anati autaye. Apongozi anaupempha, wabwera dzulo pamwamba pa chiphakasa. Auika pakhomo pa khola la ng'ombe. Wotsegula m'mawa ndi kutseka madzulo asankha munthu wodziwa ntchitoyo.

Ndayesa lero. Ng'ombe zisanu ndi imodzi, zonse zaima. Palibe ya Mulungu, palibe ya chidindo, palibe ya sardinya.

Khasu alitsamiritsa pakhomo, mpini watsopano.