Killion Mhone ndi Khoma la Mapepala

Alamu anga, malemu Killion Mhone a ku Kande, sanamatulepo kanthu pakhoma moyo wawo wonse. Wofuna kutsutsa abwere anditsutse pamaso, asakang'ung'udzire kuseri kwa sitolo. Munthu uja akapeza pepala pakhoma ankalipaka penti. Akapeza msomali ankaupaka. Akapeza inu mutatsamira khomalo ankayamba wakupatsani moni, "Yewu ada," kenaka munkachokapo ndi phewa loyera.

Luso limeneli ankati analitenga ku Bulawayo nkhondo yachiwiri isanayambe, kumene akuti anali kapitawo wa openta onse. Anzawo amene anali nawo komweko ankati ntchito yawo inali yogwirira makwerero kuti mzungu asagwe. Ine anthu amenewo ndinawatukwana mpaka agogo awo, chifukwa zoona zina n'zamwano. Kumeneko alamu anabwerako ndi bulashi imodzi, chipewa chamathothomathotho, ndi chiphunzitso ichi: "Kumatula ndi ntchito ya mbuzi. Mmisiri amaphimba."

Masiku amenewo aliyense wobwera ku Joni kapena ku Halale ankafuna kuti m'nyumba mwake muzioneka ngati mwa bwana amene ankamuphikira. Andalama ankabwera ndi mipukutu ya mapepala a maluwa, ife amphawi tinkamata nyuzipepala, zina chadodolido poti sitinkatha kuwerenga. Chomatira chinali phala la ufa wa kondowole. Taganizani nzeru zathu: kumata chakudya pakhoma, n'kumadabwa kuti mphemvu ndi chiswe zabwera ndi abale awo! Mapepalawo akada ndi utsi, anthu ankaitana Killion.

Nyumba yawo yomwe inali choncho. Mlongo wanga Fanny, mkazi wawo, anaimata yekha mapepala a maluwa ofiira asanamwalire, ndipo alamu chaka ndi chaka ankapaka pamwamba pake. Ndikawafunsa kuti nanga maluwawo muwaona bwanji, ankati, "Ali m'kati, akupuma." Ankalumbira kuti adzafera m'nyumba imeneyo, osati kwina. Koma mwana wawo Lilian, wokwatiwa ku Usisya kumene amapitako pa sitima yapamadzi, anali atawauziratu: "Ada, tsiku limene ndidzapeze nyumbayi itawola, mukukwera sitima." Kwa Killion ku Usisya kunali kundende. Ankati phiri kumbuyo, madzi kutsogolo, ndipo anthu ake sadziwa penti.

Tsiku lina anapaka nyumba ya aphunzitsi a Timothy. Atamaliza, mwini nyumba anaima n'kumaloza.

"Ada Mhone, nanga chatupa apachi n'chiyani?"

"Ndi zokongoletsa zimenezo, aphunzitsi. Azungu amalipira padera."

"Zokongoletsa za mchira?"

Anali nalimata. Alamu anamupeza akuwodzera, n'kumupaka pomwepo, miyendo ili tambasu. Nalimatayo anakhala pakhomalo mpaka aphunzitsi anasamutsidwa, ndipo ana a sukulu ankabwera kudzamuona ngati chithunzi cha m'buku.

Koma chachikulu chinachitika kwa Mizeck, amene anabwera ku Joni ndi njinga, galamafoni ndi mimba. Anaitana akulu a mpingo kuti adzapempherere nyumba yake, ndipo anafuna kuti alamu ayeretse mapepala a m'nyumbamo, amene anali atada ndi utsi. Lyson, mmisiri wina amene anaphunzira ntchito kumishoni, anapeza alamu akusungunula laimu wopaka khoma.

"Ada, laimu ndi madzi," anatero Lyson. "Akanyowetsa phala lija, pepala lisiya khoma. Matulani kaye, mupale, kenaka mupake."

"Iwe Lyson, ine ndinkapenta Bulawayo iwe ukudya dothi."

Ine ndinawonjezerapo mawu ena amene sindingawalembe pano, ndipo Lyson anachoka akupukusa mutu. Alamu anapaka kawiri, mowolowa manja, kuti Lyson adzaone.

M'mawa mwake akulu a mpingo anakhala pabenchi motsamira khoma, majekete ali bii, kolala zowuma. Anaimba nyimbo, natsinzina. Amene ankapemphera anali mkulu uja amene pemphero lake linkayambira pa Adamu. Asanafike n'komwe pa Nowa, ndinamva kuti tsee, tsee, kumwamba. Nditsegule diso limodzi, ndinaona pepala lonse, kuyambira kudenga, likuwerama pang'onopang'ono ngati nalonso likufuna kugwada. Kenaka phwa! Akulu onse m'kati, ngati usipa mu ukonde. Mphemvu zimene zinakulira kuseriko zinatuluka ndi ana ndi zidzukulu, n'kulowa m'makolala muja. Wopempherayo, ndimupatse ulemu wake, anadumpha aneneri onse n'kufika pa "Ameni" ali pansi pa pepala.

Mizeck anathamangira kwa alamu.

"Mwandinyazitsa, Mhone!"

"Vuto ndi nyimbo," anayankha Killion osagwedezeka. "Munaimba mokweza. Penti wanga safuna phokoso."

Mawa lake pamsika wina anaseka nkhaniyi ine ndili pomwepo, ndinamumenya ndi batala wamuwisi kumaso. Nsombayo ndinaigulitsabe. Inde, ndikudziwa kuti Lyson sananame, koma kuseka alamu anga inali ntchito yanga, osati ya aliyense wodutsa.

Nkhani ija inakwera sitima yokha, ndipo mvula ya chaka chimenecho isanathe Lilian anatulukira. Sanakhale n'komwe pamphasa. Analowa m'nyumba mwa bambo ake n'kugogoda khoma ndi chala. Linalira ngati ng'oma.

"Ada, kuseri kwa pentiyu kuli chiyani?"

"Kuli khoma, ama."

"Khoma limalira chonchi?"

"La mmisiri limalira."

Lilian anatembenukira kwa ine, malume ake. "Asibweni, inunso muli pano tsiku ndi tsiku, simunamve?"

"Ine makutu anga ndi a pamsika," ndinatero, "amamva mtengo wa nsomba basi."

Mwana uja anatengera mtima wa mayi ake, sankabwerera m'mbuyo. Anaitana Lyson kuti amatule aone m'kati. Ngati khoma lili bwino, bambo atsala. Ngati lawola, sitima. Ndinaima pakhomo ndi mpini, ndikukuwa kuti wolowa adutse pa ine. Koma amene anandigwira dzanja ndi alamu omwe. 

"Lyson," anatero, "tulutsa kaye bokosi la Fanny ndi mipando. Ukatero umatule. Koma ndakuuza, usamatule."

Lyson analowetsa mpeni pakona n'kukoka. Chimene chinatuluka chinali chochindikala ngati chikopa cha mvuu, penti pa penti, woyera, wobiriwira, wachikasu, ndipo pansi penipeni maluwa ofiira a mlongo wanga, owala ngati amatidwa dzulo. Kuseri kwake kunalibe khoma. Chiswe chinatha phala, chitatha phala chinalowa m'nsichi, chitatha nsichi chinasiya dothi lofumbutuka ngati gaga. Zaka zonsezo denga linkakhala pa mapepala ndi penti wa Killion.

"Thawani!" anakuwa Lyson.

Tinatuluka mopondana. Nyumba ija sinagwe mwaphokoso, ayi. Inangokhala pansi mwaulemu ngati nkhalamba yotopa, fumbi n'kukwera. Alamu anavula chipewa, anayang'ana ife tonse, nati, "Ndinati chiyani? Kumatula kumagwetsa nyumba."

Ndinafuna kuwakuwira kuti wadyetsa chiswe zaka zonsezi ndani, mutu wouma inu! Koma ndinaona kuti m'manja agwira kachidutswa ka maluwa aja, akukapukuta ndi chala chachikulu, ndiye ndinakuwira Lyson m'malo mwake.

Ndinawapempha kuti akhale kwanga. Anakana, ati mwamuna sagona pakhonde la mlamu wake ngati nkhuku yobwereka. Anakwera sitima ndi bokosi la Fanny, bulashi ili m'thumba la jekete, osacheuka. Ku Usisya sanathe chaka. Lilian anati bambo ake sankadwala kwenikweni, ankangokhala panja kuyang'ana kumwera, kwawo ku Kande, ndipo atawapempha kuti apake chitseko anati dzanja lawo silidziwa khoma lachilendo. Anawaika komweko, pansi pa phiri lija ankalinyoza.

Tsopano ku Kande aliyense amamatula. Mukadutsa m'mudzi chilimwe mumangomva kwee, kwee, anthu akupala makoma ngati akusenda chinangwa, ndipo nyumba zimayera bwino, palibe chimene chimagwera munthu. Ndi nzeru, sindikana. Koma pamsika pazizira. Ndimakhala ndi nsomba zanga tsiku lonse, mawu atadzaza pakhosi, kudikira kuti wina anyoze Killion ndimulumphire. Palibe amene amayesa. Dzana Lyson yemweyo anaima pa ine nati, "Ada, koma malemu aja anali munthu wabwino."

Ndinamuthamangitsa. Ndinkafuna ndewu, iye wandibweretsera maliro.