Tsiku Limene Ndinatulutsa Masofa Pabwalo

Anzanga, inu mumandiona ndi kamkeka kukhwapa n'kumati Aphunzitsi, Aphunzitsi, simudziwa kuti kalasi yanga yoyamba ya yoga inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe, ndipo msana unandizunza chaka chathunthu chifukwa chonyamula mabelo. Amayi ake a bwana, mayi wachimwenye wa imvi mbuu koma wopinda thupi ngati lamba, ndi amene anandiphunzitsa kudziwongola ndi kupuma modekha kuseri kwa sitolo nthawi ya nkhomaliro. Msana unapola, mtima nawo unakhala pansi. Ndiye ine, munthu amene Fomu 4 ndinaimaliza kusukulu yamadzulo uku ndikuwodzera, ndinati nachi chinthu choti nanenso ndingaphunzitse anthu. Ndinaitana azimayi asanu ndi atatu a kutchalitchi, odandaula za BP ndi kusowa tulo, kuti abwere kwathu ku Nkolokosa Loweruka m'mawa.

Mkazi wanga Esinati anavomera monyinyirika. Mwana wathu Tadala, wa miyezi isanu ndi inayi, anali atangotuluka Lachiwiri m'chipatala momwe anagonekedwa ndi chibayo, ndipo aneba onse ankadziwa.

"Bambo a Tadala, ine ndikukaoda tomato ku Limbe," anatero. "Mwanayu akangotsokomola mundiimbire. Mukandikhumudwitsa lero, za yoga zanuzi zithere pomwepo."

Pabalaza pathu ndi pochepa, choncho ndinatulutsa masofa ndi tebulo n'kuziika pabwalo. Mwayamba kale kuona kumene nkhaniyi ikulowera, eti? Ine sindinaone kanthu. Azimayi anafika atavala zitenje ndi mipango, poti ndinawauza kuti avale zomasuka, n'kukhala pansi pamikeka. Bambo wina amene anaperekeza akazi awo anati zopindapindazi iwo ayi, anakakhala pasofa panja, anazyolika, tulo n'kuwaba. Ine ndinatseka makatani, ndinazimitsa wailesi, ndinauza aliyense kuti azimitse foni, ndipo poonetsa chitsanzo ndinayamba ndi yanga. Tadala ndinamugoneka pakati pathu kuti ndizimuona, ndinamufunditsa kansalu koyera.

Tinayamba bwinobwino. Kenaka ndinati aliyense atseke maso, akoke mpweya, autulutse ndi kamawu kakuti mmmm. Tangoganizani, azimayi asanu ndi atatu akuchita mmmm m'nyumba yotseka makatani, masofa ali panja, kumsewu kumamveka bwanji? Ngati zimenezo sizinakwane, mayi Fote, amasiye a ku Nsanje amene chimwalirireni amuna awo ankangozisunga mumtima, anayamba kusisima, kenaka kulira mokweza. Ine kukondwa. Ndinati, "Asiyeni alire, kuchira kwake n'komweko."

Nditatsegula maso ndinaona kuti ophunzira achuluka. Azimayi ena ankalowa mowerama, nsapato atavula pakhomo, n'kumakhala motsamira khoma. Mumtima ndinati Mulungu ndi wabwino, mbiri yafala tsiku loyamba lomwe. Ndinawagwedezera mutu mwaulemu, iwo n'kumandiyang'ana mwachisoni. Mmodzi anayambitsa nyimbo chapansipansi, ndipo nyimbo yake ndinaizindikira: inali ya pamaliro.

Ndinasuzumira pawindo. Masofa adzaza azibambo, ena akhalira njerwa, bambo ogona aja palibe akuwadzutsa poganiza kuti chisoni chawakulira. Neba wathu a Makwinja anali akuyala masamba pamsewu, akabaza akudutsa pang'onopang'ono. Ndinathamangira kuchitseko.

Ndisanatsegule n'komwe chitseko, njinga inaima pageti. Anatsika Esinati, patapata kuphazi limodzi, beseni la tomato analisiya kumsika. A Makwinja anali atamuimbira kuti abwere msanga kunyumba sikuli bwino, ndipo iye anayesa foni yanga kangapo, osapezeka. Sanalire, sanapereke moni kwa aliyense. Anadutsa pakati pa azimayi, anagwada, anavundukula kansalu koyera kaja.

Tadala anatsegula maso, anayetsemula, n'kuyamba kukoka bulauzi ya amayi ake kufuna bere.

Nyimbo inathera pakati. Esinati anamukumbatira mwanayo, anakhala pansi ali wefuwefu, ndipo ine pomuona akubanika choncho, uphunzitsi unandigwiranso. Ndinagwada pambali pake ndinati, "Mayi a Tadala, kokani mpweya pang'onopang'ono, muutulutse..."

Anatembenuka n'kundiyang'ana. Kenaka anayankhula motsitsa mawu, koma nyumba yonse inamva: "Mukangotchulanso za mpweya, masamba ayalidwa pamsewuwo sapita pachabe."

Woyamba kuseka anali mayi Fote, misozi isanaume. Kenaka nyumba yonse, kenaka bwalo lonse. Ine sindinaseke, ndinangogwira kaphazi ka mwana wanga, kotentha bwino, n'kumathokoza chamumtima.

Lamulungu mayi Fote anabwera kudzandipepesera, anauza Esinati kuti usiku umenewo anagona mpaka kucha koyamba m'miyezi yambiri. Esinati anandikhululukira Lachitatu. Pano timaphunzirira pabwalo la sukulu, poyera, foni ili m'thumba yoyatsa, ndipo a Makwinja ndi amene amayamba kufika.

Koma masofa anga, amenewo sadzaonanso dzuwa. Ngakhale tsiku losamuka, ndidzayamba ndayenda khomo ndi khomo, Tadala ali paphewa, kuti aliyense amuone kaye akupuma.