Tsiku limene mphuno yanga inasankha chigubu

Kwathu ku Mualadzi mukafunsa za thobwa la pachinkhoswe cha mwana wanga Zakeyu, anthu amayamba aunguza kaye ngati ndili pafupi. Bola ndikuuzeni ndekha.

Ine ndinatchuka ndi mphuno. Tili kothawa nkhondo ku Zambia, ndinkadziwa nyemba zofumbwa thumba lisanamasulidwe. Mtendere utabwera, mbiriyo ndinabwerera nayo kwathu pamodzi ndi mapoto. Wogula nyama yokayikitsa ankadzera kwa ine, ine n'kununkhiza, n'kuweruza (sindibisa, zinkandikomera kuposa nyamayo).

Ndiye chaka china chimfine chinandigoneka sabata yathunthu. Podzuka, mphuno zii. Utsi osaumva, khola la mbuzi osalimva. Ndinaululira munthu mmodzi yekha, Lusiya, mwana wa achimwene anga, amene ankaphunzira za thupi la munthu ku Tete ndipo anali atabwera kutchuthi.

"Azakhali, musaope," anatero. "M'mphunomo muli tizipinda tosaoneka ndi maso, ife timati maselula. Tinthu togwira fungo timapangidwa m'kati mwa tizipindato, koma tikangokhala m'katimo sitigwira kanthu. Pamafunika tina totinyamula kupita nato kunja, kumene mpweya umadutsa. Zili ngati chimanga chanu chija: chikakhala m'nkhokwe popanda njinga, kumsika wa ku Cassacatiza sachiona. Chimfine chaononga, ndiye thupi likukonza mwatsopano. Ingodikirani."

Mawu oti kudikira ndinawasiya pomwepo. Ine ndinamva zoti onyamula katundu agona, ndipo waulesi amafunika kumudzutsa. Ndinafukiza masamba a bulugamu. Ndinakoka fodya wamphuno wa apongozi (ine, mayi wa kwaya). Mapeto ake ndinanunkhiza tsabola wosinja, n'kuyetsemula mpaka nkhuku kuthawa pakhonde. Palibe chinasintha.

Chinkhoswe chinafika, ndipo tinayenera kunyamula thobwa panjinga kupita ku Nsadzo, kwawo kwa mtsikana. Amuna anga anatulutsa zigubu ziwiri zofanana, zakalekale, zimene tinalandira kothawa nkhondo kuja. China tinkasungiramo palafini, china madzi. M'nyumba mwathu palibe ankadzivutitsa kununkhiza kanthu ine ndilipo.

"Amake Zakeyu, tatiuzani, cha palafini n'chiti?"

Apa m'pamene ndikanaulula. Koma azimayi a mumpingo anali pomwepo, maso ali pa ine. Ndinatsegula zonse ziwiri, kukoka mpweya, kutsinzina ngati ndikupemphera, n'kuloza chakumanzere. Thobwalo ndinathira ndekha m'chinacho n'kutseka.

Ku Nsadzo, amalume a mtsikana, a Jeremiasi, ndiwo analandira chikho choyamba. Anamwa pang'ono, anasuzumira m'chikhomo, kenako anayang'ana ine.

"Lili bwanji?" ndinafunsa monyadira, poti ndinali nditalawa ndipo kwa ine linali bwinobwino.

"Lamphamvu, mayi," anayankha, akupatsira mnzawo.

Chikho chinadutsa anthu asanu, aliyense akutsokomola mwaulemu. Akwathu nawo anangomeza, poti ndani akanatsutsa mphuno yanga? Lusiya ndiye anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundinong'oneza kuti, "Azakhali, alendo mwawasandutsa nyali."

Ndinachita manyazi. Ndinabwerera pabwalo, kugwada pamaso pa a Jeremiasi, n'kuulula kuti mphuno inasiya ntchito mwezi wathunthu wapitawo ndipo chigubu ndinangolotera.

Mkuluyo anapumira m'mwamba ngati watula katundu.

"Mwachita bwino kunena, mayi. Ife sitinathawe, nkhondo yonse tinali konkuno. Ndiye timayesa ndi mmene munaphunzirira kuphika ku Zambia. Mumtima timangomvera chisoni mwana wathuyu, kuti azimwa zimenezi moyo wake wonse."

Bwalo lonse linaseka, inenso n'kuseka nawo misozi ili mbwembwembwe. Ukwati unatheka, ndipo lero adzukulu alipo atatu.

Mphuno inabwerera patapita miyezi, koma theka lokha. Anthu akubwerabe ndi nyama zawo, ndipo za thekalo sindinauze munthu. Masiku ano ponunkhiza ndimatsinzina diso limodzi, linalo likuyang'ana kumene kwatera ntchentche.