Tsiku Limene Ndinalalikira za Nkhuku

Nkhani iyi ndimafuna ndife nayo, koma poti Nazombe yense ikuidziwa kale, bola muimve kwa mwini wakene.

Ndili Form 1, ndipo mwezi watha pa Youth Sunday anandisankha kuti ndilalikire. Ine, munthu woti kupereka moni kokha ndimachita chibwibwi! Koma panali chinthu chimandiwawa. Kutchalitchi kwathu kukakhala mwambo waukulu, amayi amasonkha nkhuku ndi mpunga n'kuphika okha kuyambira m'mawa. Mapemphero akatha, akulu ampingo ndi mabwana ogula nandolo ku Migowi amakadzitsekera mu vestry, kachipinda kakuseri, n'kumadya. Ophikawo amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumadya kalongonda, nyemba zolimba zovuta kupsa zija.

Ndinaima kutsogolo, ndinatsinzina, n'kuphulika.

"Achinyengo inu! Mumaimba kuti tonse ndife amodzi, koma pa nkhuku timakhala awiri! Kodi kumwamba kuli vestry?"

"Amen! Auze mwana!"

Amene anakuwa kwambiriwo anali a Namasani, mkulu wampingo, yemwe makiyi a vestry amakhala m'thumba mwake. Ndinati basi, munthu walapa!

Titatuluka a Namasani anandikodola. "Mlaliki, tabwera kuno."

Ndinayamba ndathamangira kumango kuja. Mayi a Fanesi, amasiye omwe anaphika mpungawo, anali atavundukula kale mphika wa kalongonda.

"Mayi, vundikirani! Musadye. Akuluakulu andiitana, lero nkhuku ikubwera pompano."

"Zoona, mwanawe?"

"Hundred percent!"

Anavundikira. Amayi ena mpaka nthungululu.

Mu vestry anandipatsa mpando wa khushoni. A Namasani akuti, "Mlaliki wa tsikulo amadya nafe, ndi mwambo. Tatipempherera."

Ndinati chabwino, ndiyankhula likatha pemphero. Potsegula maso, ntchafu ili kale m'mbale mwanga. Ntchafu yathunthu, abale! Kwathu ine ndimalandira chipalapasiro.

"Ulaliki wamphamvu," anatero a Namasani akunyema chiwindi. "Ndimalakalaka a mpingo wa kutsidya aja akanamva. Anthu odzikonda zedi amene aja."

"Eee, alibe chikondi," anavomera bwana wina, msuzi ukutsika m'chigongono.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndimanena inuyo. Mawu osatuluka. Ndinaganiza kuti mwina ndi njala, ndilume kamodzi ndipeze mphamvu. Ndinaluma. Kenako ndinakumbukira kuti mwana sayankhula akuluakulu akudya. Ndinalumanso, mwaulemu. Atandiwonjezera mpunga ndinaona kuti kukana n'kunyoza. Nthawi yonseyi mumtima ndikuwadzudzula koopsa, makamaka bwana wa msuziyo.

Kenako windo linada. Mitu ya amayi, isanu kapena isanu ndi umodzi, wa mayi anga ondibereka uli pakati. Kutsogolo mayi a Fanesi.

"Abusa aang'ono, pepani. Tidikirebe, kapena tidye kalongonda wathu?"

Ine fupa lili m'kamwa, mafuta mpaka m'masaya.

"Ndi... ndikukambirana nawo!"

"Eya, tikumva. Zokambiranazo zikuchita kukukutika mpaka panja."

Kuseka kwake! Mayi anga sanaseke, anangogwira kukamwa n'kuchoka. A Namasani ananyamuka, anatseka katani bwinobwino, n'kundisisita paphewa.

"Usadandaule, mwana wanga. Udzakhala mkulu wampingo wabwino kwambiri."

Ndaphunzirapo kuti chinyengo chimanunkha ukakhala kunja kwa windo, koma ukalowa mkati chimanunkhira anyezi.