Galu Wathu Wachira, Ba Pulofesa

Kwa Mkulu wa Dipatimenti ya Saikoloje,
Pa yunivesite imene mwana wanga amaphunzira,
Lusaka.

Ba Pulofesa olemekezeka,

Ndine Regina Njobvu wa ku Libala, mayi wamasiye, wosoka mayunifomu a ana a sukulu. Mwana wanga Thandazani ali chaka chachitatu m'manja mwanu. Ndalemba kuti ndikuthokozeni, poti makolo ambiri amangodziwa kudandaula.

Mwina simudziwa chimene chinamubweretsa kwa inu. Mlongo wake, dzina lake Jesse, ndiye ankayendetsa galimoto tsiku limene bambo awo anafa pangozi mumsewu wa Great East. Jesse anatuluka wopanda bala. Chibwerere kumanda anadzitsekera kuchipinda, ndipo salankhula ndi munthu. Abusa anapemphera, achibale anakalipa, chitseko chili chitsekere. Thandazani anasiya maphunziro a akawunti, nati akaphunzire za maganizo a munthu kuti adzatulutse mlongo wake. Inu munamulandira ndi manja awiri, n'kumuuza kuti asanakhudze munthu wamoyo ayambe wadziwa mbiri ya maphunzirowa. Munanena zoona, kuthamanga sikufika.

Choyamba, zikomo chifukwa cha azungu andevu aja amene anayambitsa maphunzirowa. Chaka choyamba chonse chinathera pa iwo: anabadwa liti, anakangana liti, anamwalira liti. Wina ankapapasa mitu ya anthu kuti adziwe khalidwe lawo. Thandazani anapapasa mutu wanga, kenako anandiuza kuti njirayi inatsutsidwa kalekale. Koma pamayeso inabwera, ndipo anakhoza bwino.

Chachiwiri, dokotala womasulira maloto uja, amene akuti anapeza kuti mavuto a mwana amachokera kwa mayi ake. Izi zandithandiza kwambiri. Kale ndinkagona ndikudzifunsa kuti walakwa ndani. Tsopano ndikudziwa kuti ndine, ndipo sindigonanso n'komwe.

Chachitatu, mbewa zoyera. Ife obadwira ku Katete tinkati mbewa timaidziwa kuyambira kuuna mpaka m'mbale. Sitinkadziwa kuti munthu wophunzira angaiike m'bokosi n'kumalemba maganizo ake chaka chathunthu.

Koma chachikulu ndi galu ndi belu. Munamuphunzitsa za mkulu wina amene ankaliza belu asanapatse galu chakudya, mpaka galuyo anayamba kukha dovu akangomva belu. Ichi chokha ndicho Thandazani anaona kuti angachiyese pakhomo. Anagula belu la njinga ku Kamwala. Madzulo alionse amaika mbale pachitseko cha Jesse n'kuliza. Ndine wokondwa kukudziwitsani kuti sayansi yanu ndi yoona. Galu wathu Denja, kaya ali m'tulo, kaya ali kwa aneba, akangomva ngrii! amafika dovu lili chuchuchu. Anali wowonda ndi wamantha, lero wanenepa ndipo amayenda monyada. Chitseko sichinatseguke.

Ndamvanso kuti chipinda chimene ophunzira ayenera kuzolowereramo kucheza ndi anthu ovutika maganizo mwasungamo mipando yothyoka, choncho phunzirolo lasunthidwira chaka chamawa, monga momwe linasunthidwira chaka chatha. Ndikumvetsa. Mipando nayo inavulala, iyenera kukhala ndi popumira.

Pepani, ndinene chimodzi chosakhudza silabasi. Ndikuopa, Ba Pulofesa. Masiku ano mbale tikaiteteza kwa Denja imabwerera monga inapitira. Lachisanu lapitali ndinapeza Thandazani atakhala pansi, msana utatsamira chitseko chija, akuwerengera mlongo wake mayina a azungu anu ndi zaka zimene anamwalira, misozi ili mbwembwembwe. Ankafuna kumuuza kanthu, ndipo zimenezo ndizo anali nazo.

Sindikuti musinthe maphunziro anu. Ndine ndani ine wa singano ndi ulusi? Thandazani akuti mwafika cha m'ma 1950, ndipo poona kumene munayambira, mwayenda ndithu. Pempho langa ndi laling'ono. Ndaona kuti munthu amayamba kukambidwa m'kalasi mwanu akamwalira. Jesse ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Ngati sikukuvutitsani, fulumiraniko pang'ono, kuti mufike chaka chino iye asanayenere kulowa m'silabasi yanu.

Ine wanu wogwada pansi,

Regina Njobvu,
Mayi wa Jesse ndi Thandazani,
Mwini wa galu wochira.